Msonkho wokonzera misewu ku America: chimene eni nyumba amakanira

M'mizinda yambiri ya ku United States of America, khonsolo ikafuna kuthira phula mumsewu wa m'dera lokhala anthu, kukumba ngalande kapena kumanga tinjira ta oyenda pansi, imalipiritsa eni nyumba za m'mbali mwa msewuwo gawo la ndalama za ntchitoyo. Msonkho umenewu, umene pa Chingerezi umatchedwa special assessment, ndi wosiyana ndi msonkho wa malo umene mwini nyumba aliyense amapereka chaka ndi chaka. Uwu umagwera okhawo amene khonsolo yaona kuti apindula ndi ntchitoyo, ndipo wakhala ukubutsa milandu kwa zaka zoposa 100.

Mawerengedwe ake

Njira yakale ndi kuyeza utali wa mbali ya puloti imene yagundana ndi msewu: mbaliyo ikatalika, ndalama nazo zimachuluka. Makhonsolo ena amatengera kukula kwa puloti, pamene ena amagawa mofanana pa nyumba iliyonse. Mwini nyumba akhoza kulipira zonse pakamodzi kapena pang'onopang'ono kwa zaka zingapo, pamodzi ndi chiwongoladzanja. Akalephera, ngongoleyo imakhala pa nyumbayo, ndipo nyumbayo ikhoza kugulitsidwa kuti ndalama zibwezedwe.

Makhonsolo amati msewu wabwino umakweza mtengo wa nyumba, kotero wopindula ayenera kusenza gawo la mtolowo. Eni nyumba amayankha kuti mumsewu mumadutsa aliyense, kuti msonkho wa chaka ndi chaka amapereka kale, ndiponso kuti phindu limene likunenedwalo salioneratu pokhapokha atagulitsa nyumbayo. Amene amamva kuwawa kwambiri ndi okalamba odalira penshoni komanso eni mapuloti a pangodya, ogundana ndi misewu iwiri.

Zigamulo za bwalo la milandu

M'chaka cha 1898, bwalo lalikulu koposa m'dzikolo, la Supreme Court, lidazenga mlandu wa Norwood v. Baker. Akuluakulu a tauni ya Norwood, m'chigawo cha Ohio, adadutsitsa msewu m'malo a mayi wina ndi kumupatsa chipukutamisozi cha madola 2,000, kenako nkumulipiritsa madola oposa 2,200 monga msonkho wa msewu womwewo. Bwalo lidagamula kuti kulipiritsa munthu ndalama zoposa kwambiri phindu limene wapeza n'chimodzimodzi kumulanda katundu popanda chipukutamisozi.

Komabe mu 1901, pa mlandu wa French v. Barber Asphalt Paving Company wochokera ku Kansas City, bwalo lomwelo lidavomereza njira yoyeza mbali ya puloti, ndipo makhonsolo adapitiriza kuigwiritsa ntchito.

Mu 1908 padabwera mlandu wa Londoner v. Denver. Eni malo adalemba makalata okana msonkho wothirira phula mumsewu wa Eighth Avenue, koma khonsolo idauvomereza osawapatsa mpata wodzayankhula. Bwalo lidati kulandira makalata kokha sikukwanira. Okhudzidwa ayenera kupatsidwa mwayi wofotokoza mbali yawo ndi kupereka umboni msonkho usadakhazikitsidwe.

Mphamvu yokana ku California

Mu 1978 anthu a ku California adavomereza lamulo la Proposition 13, limene lidachepetsa msonkho wa malo kufika pa 1 peresenti ya mtengo wa malowo. Makhonsolo ambiri adatembenukira ku misonkho yapadera kuti apeze ndalama, ndipo mu November 1996 anthu adayankha povomereza Proposition 218.

Malinga ndi lamuloli, injiniya ayenera kulemba lipoti lolekanitsa phindu la anthu onse ndi phindu la eni mapuloti, ndipo eni mapulotiwo amalipira gawo lawo lokha. Khonsolo imatumiza chidziwitso ndi pepala lovotera kwa aliyense masiku osachepera 45 msonkhano womva maganizo usadachitike. Mavoti salemera mofanana: amene adzalipire zambiri, voti yake imalemeranso kwambiri. Okana akaposa ovomereza, msonkhowo sukhazikitsidwa. Nkhani ikapita ku bwalo, ndi khonsolo imene iyenera kutsimikizira kuti idawerengera molondola.

Olipira msanga

Ngakhale kuthetsa msonkhowu kumene kudadzetsapo mlandu. Mu 2004 mzinda wa Indianapolis udalipiritsa eni nyumba pafupifupi 180 madola 9,278 aliyense chifukwa cha mapaipi otaya zonyansa amene udali utayala kale m'dera lawo. Eni nyumba 38 adalipira zonse pakamodzi, ena adasankha kulipira pang'onopang'ono. Chaka chotsatira mzindawo udasiya njira imeneyi ndi kukhululukira ngongole zotsala, koma udakana kubweza ndalama kwa amene adamaliza kale kulipira. Mu 2012, pa mlandu wa Armour v. Indianapolis, majaji 6 mwa 9 a Supreme Court adaikira kumbuyo mzindawo, ponena kuti kupewa chintchito ndi ndalama zoyendetsera kubwezako chidali chifukwa chomveka.

Kunja kwa California, malamulo amasiyana chigawo ndi chigawo. M'madera ambiri mwini nyumba amene sadapereke dandaulo lake m'masiku oikika amataya ufulu wokatsutsa msonkhowo ku bwalo, ngakhale mawerengedwe ake atakhala olakwika.