Magulu othandizana kusiya mowa: anayamba bwanji, nanga kuno ku Mchinji tiyambire pati?

Pali funso lomwe silitha m'makomo mwathu: "Bambo a kunyumba akufuna kusiya mowa koma akulephera, tipite nawo kuti?" Tisanayankhe, tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Mu May 1935, munthu wina wa bizinesi dzina lake Bill Wilson anali paulendo mumzinda wa Akron ku America, ndipo zomwe anapitira zinakanika. Anali atatha miyezi isanu osalawa mowa, koma tsiku limenelo chibaba chinamugwira. M'malo molowa m'bala la pahotelo, anayamba kuimba mafoni kufunafuna chidakwa chinzake choti acheze nacho. Anam'peza Bob Smith, dokotala wa maopaleshoni amene mowa unkamuwonongera ntchito. Wilson sanamulalikire kapena kumukalipira. Anangomufotokozera mmene iye mwini anavutikira, ndipo dokotalayo anamvetsera kwa maola angapo, chifukwa ankamva mawu a munthu wodziwa ululu wake. Smith atamwa komaliza mu June chaka chomwecho, gulu la Alcoholics Anonymous, kapena kuti AA, linabadwa. Mu 1939 anatulutsa buku la masitepe 12 amene amatsatira, ndipo mu 1946 gululi linafika ku South Africa.

Amayi, apa mpomwe pakukukhudzani. Amuna akamakumana, akazi awo ankadikira kukhitchini n'kumacheza, mpaka anazindikira kuti nawonso avulala mumtima. Mu 1951 Lois, mkazi wa Wilson, pamodzi ndi mnzake anakhazikitsa Al-Anon, gulu la mabanja a anthu omwa mwauchidakwa.

Kwathu kuno mowa si wachilendo. Makolo ankafulula masese pa dima, pa chinamwali ndi pa maliro, ndipo mowa unali ndi nthawi yake komanso akuluakulu ouyang'anira. Kachasu atasanduka malonda a tsiku ndi tsiku, zinthu zinasintha. Kenako kunabwera masacheti, otchipa moti mwana wa sukulu ankakwanitsa kugula n'kubisa m'thumba. Anzathu a ku Zambia, kungodutsa pa Mwami apa, ankawatcha tujilijili ndipo boma lawo linawaletsa mu 2012. La kwathu linaletsa mu 2015, ndipo mu 2017 dziko lino linakhazikitsa ndondomeko yake yoyendetsera nkhani za mowa. Zinali zofunika, sitikukana. Koma lamulo linachotsa kapepala pamsika, chibaba chinatsala m'thupi mwa munthu.

Tsono ena amati zokhala pansi n'kumauzana mavuto ndi za azungu. Ayi ndithu. Mu 1993, nthawi imene kutchula Edzi kunali kochititsa manyazi, anthu omwe anali ndi kachilombo anayambitsa bungwe la NAPHAM, ndipo magulu othandizana anafalikira mpaka m'midzi. Amene ankabisala anayamba kukumbutsana za mankhwala. Kuno ku Mchinji komwe tinaona ntchito ya MaiMwana, pamene amayi ankakumana m'magulu kukambirana zomwe zimapha amayi oyembekezera ndi makanda, n'kupeza okha njira zothana nazo, ena n'kumayendera anzawo kukawalangiza za kuyamwitsa. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2013 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, ndipo anthu akunja anaphunzira kwa amayi a m'midzi yathu. Ngati zinatheka pa uchembere, n'chifukwa chiyani pa mowa timangothera kunong'onezana pachitsime?

Misonkhano ya AA imapezeka kwambiri m'mizinda, ndipo munthu wa ku Mkanda kapena ku Kapiri sangakwere minibasi sabata iliyonse. Choncho yambirani pafupi. Funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, kapena pitani ku chipatala cha boma la Mchinji mukaonane ndi namwino wa matenda a maganizo. Iwo ndi amene angakuuzeni za gulu lomwe lili pafupi, kapena kukutumizani ku St John of God, amene amathandiza ofuna kusiya mowa ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Funsaninso kutchalitchi kapena kumzikiti. Ngati gulu kulibe, anthu awiri ofunitsitsa kusiya akukwana kuyamba, monga zinalili ku Akron. Malamulo ake ngochepa: sipakhala mowa, salipiritsa, wina akamalankhula enawo amamvetsera, ndipo zomwe zanenedwa pamenepo sizituluka. Lomalizali ndi lovuta kumudzi, poti tonse timadziwana, koma likasweka gulu limatha sabata yomweyo.

Chenjezo limodzi, ndipo mulimvetse bwino. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse asasiye mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. M'masiku atatu oyambirira akhoza kunjenjemera, kutuluka thukuta, kuona zinthu zomwe palibe, ngakhale kukomoka ngati wakhunyu. Si ufiti, ndipo kukhoza kupha. Musamutsekere m'nyumba kapena kumumanga. Thamangani naye kuchipatala, alandire mankhwala, zamagulu zibwere thupi litakhazikika.

Ndipo inu mayi, ngati mowawo ukubwera ndi nkhonya, musadikire kuti gulu limusinthe. Pitani ndi ana pamalo otetezeka, mukanene ku ofesi ya Victim Support pa polisi yomwe muli nayo pafupi.