Sukulu ya Aphunzitsi m'Dziko la Mombera

Mphunzitsi wa Chingerezi amene atumidwa ku Euthini, ku Embangweni kapena pa Boma la Mzimba alowa m'munda umene ena anaswa mphanje kale. Nkoyenera tsono kuti adziwe momwe oyambawo anagwirira khasu, pakuti mbiri yao itiphunzitsa kuti mphunzitsi wa chinenero chachilendo saleka kuphunzira tsiku limene alandira setifiketi.

M'chaka cha 1882 William Koyi, mlaliki wa mtundu wa Axhosa amene anaphunzira ku Lovedale, anakhazikika pa Njuyu, m'dziko la Inkosi Mombera. Angoni anamtchera khutu chifukwa chinenero chake chinali pa chibale ndi chao. Ngakhale zinali tero, mafumu anakaniza sukulu, poopa kuti anyamata akagwira buku adzataya nthungo ndi chishango. Chilolezo chinaperekedwa m'chaka cha 1886, chaka chomwecho chimene Koyi anamwalira. Dr Walter Elmslie, amene anagwira naye nchito, anatsegula Ekwendeni m'chaka cha 1889, ndipo m'chaka cha 1891 anasindikiza buku la malamulo a Chingoni. Tione pamenepa kuti obwera ndi Chingerezi anayamba iwo eni kuphunzira chinenero cha ana asanawaphunzitse chao.

Maphunziro a Mishoni ya Livingstonia anali ngati makwerero. Pa sukulu ya kumudzi mwana ankaphunzira kuwerenga m'chinenero cha kwao, poyamba Chingoni, kenaka Chitumbuka chimene chinalowa m'malo mwake. Pa sukulu ya pamishoni ankaonjeza Chingerezi. Opambana ankapita ku Khondowe, kumene Dr Robert Laws anatsegula Overtoun Institution m'chaka cha 1894, ndipo kumeneko ankaphunzira za uphunzitsi.

Koma otuluka ku Khondowe anali owerengeka, pamene midzi yopempha sukulu inali yochuluka. Donald Fraser atasamutsa mishoni kuchokera ku Hora kupita ku Loudon, kumene ndi ku Embangweni, m'chaka cha 1902, masukulu ambiri a kumidzi anali m'manja mwa anyamata amene anangoposa ana ao pang'ono. Mishoni inachiza bvutoli m'njira ziwiri. Yoyamba, oyang'anira ankayendera masukulu kukaona mphunzitsi ali pa nchito. Yachiwiri, chaka ndi chaka, masukulu a kumidzi atatsekedwa, aphunzitsi ankasonkhana pamishoni kwa masabata angapo, nakhala pansi ngati ana a sukulu kuti aonjeze nzeru zao. Mphunzitsi ankabwerera kumudzi ali ndi kanthu katsopano kopatsa ana.

Zipatso za njirayi tiziona mwa anthu awiri. Charles Chinula, amene anaphunzitsa ku Loudon asanakhale mbusa, anapeka nyimbo zambiri, namasuliranso buku la John Bunyan, The Pilgrim's Progress, m'Chitumbuka. Yesaya Chibambo anali mtsogoleri pokhazikitsa Mombera Native Association m'chaka cha 1920, bungwe limene linkapereka madandaulo a anthu ku Boma m'Chingerezi. Yemweyo analemba mbiri ya Angoni, imene inatulukanso m'Chingerezi m'chaka cha 1942. Onse awiriwa anadziwa Chingerezi osataya chinenero cha makolo, ndipo china chinalimbitsa chinzake.

Nzeru yophunzitsa mphunzitsi ali kale pa nchito inapitirira. Boma la Nyasaland litayambitsa Dipatimenti ya Maphunziro m'chaka cha 1926, sukulu ya Jeanes inatsegulidwa ku Domasi kuti ikonze aphunzitsi oyendera anzao m'midzi. Ndiponso m'chaka cha 1994, sukulu za pulaimale zitakhala zaulere, Boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi osaphunzira za uphunzitsi, ndipo linawaphunzitsa ali kale m'makalasi. Bvuto la masiku a Fraser linabweranso, mankhwala ake anali omwe aja.

Chimene chinasintha ndi katundu wa mwana. M'chaka cha 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chinenero cha dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu. Motero mwana wa ku Euthini, amene kwao alankhula Chitumbuka, akafika pa sukulu akumana ndi zinenero ziwiri zimene sanayamwe. Mphunzitsi woiwala ichi adzayesa mwanayo wopusa, pamene iye wangolemedwa.

Nanga ife titengepo chiani? Choyamba, dziwani chinenero cha ana anu, pakuti zolakwa zao zichokera m'menemo. Mwana asokoneza he ndi she chifukwa m'Chitumbuka ndi m'Chichewa mau amodzi aimira mwamuna ndi mkazi yemwe. Asokonezanso l ndi r, naonjeza liu kumapeto kwa mau onga book, chifukwa mau a kwathu sathera pa lembo lotseka. Mukadziwa gwero, simudzakalipa, koma mudzaimika mnyamata ndi mtsikana patsogolo kuti ana alankhule za iwo kufikira lilime litazolowera.

Chachiwiri, khutu ndi pakamwa zitsogole, choko chitsate. Bweretsani lichero, chitsononkho kapena mkombe m'kalasi, ana aone, agwire, anene chiganizo chathunthu. Kulemba kudze pambuyo. Chachitatu, imbitsani. Fraser analimbikitsa Angoni onga Mawelera Tembo kupeka nyimbo za m'tchalitchi pa maimbidwe a makolo ao, ndipo anthu anazigwira msanga. Chiganizo cha Chingerezi choikidwa pa maimbidwe odziwika sichiiwalika.

Chachinai, ndicho chachikulu, musadikire kuitanidwa ku msonkhano wa Boma. Mutu umodzi susenza denga. Aphunzitsi a sukulu zoyandikana akumane kamodzi pa mwezi, wina aphunzitse phunziro anzake akuona, kenaka akambirane mwachifatso chimene chinayenda ndi chimene chinalephereka. Aliyense asunge kabuku kolembamo zolakwa zimene ana ake abwereza, nawerenge mokweza tsamba limodzi la Chingerezi tsiku lililonse. Aphunzitsi akale ankayenda pansi mitunda yaitali kupita ku Loudon kukachita zomwezi, popeza anazindikira kuti ana sangapitirire pamene mphunzitsi wao walekezera.