Madzi Saiwala Khwawa: Mbiri ya Posungira Katundu Kuchigwa cha Shire

Mwezi wa Novembala chaka chatha ndinatha masiku atatu ndikuzungulira pa Bangula, dzuwa likuswa mtengo, kufunafuna chipinda cha lendi. Osati chogonamo ayi, chongosungiramo katundu. Amayi amayenera kupita ku Bangwe kwa achemwali anga kuti akakhale pafupi ndi chipatala dzinja lonse, ine ntchito inali itandiitana ku Lilongwe, ndipo nyumba yathu ya kutsidya, kufupi ndi Makhanga, siyoti n'kusiyamo kanthu mvula ikayamba. Katundu wake sanali wambiri: makina osokera a Singer omwe amalipirira fizi mng'ono wanga, thiranki ya malemu bambo, matumba 6 a mapira, matiresi awiri ndi makatoni a mabuku anga a ku koleji.

Chipinda choyamba chinali kuseri kwa sitolo ina, kumunsi. Eni ake anandionetsa loko wamkulu ngati chibakera, chitseko chachitsulo ndi zitsulo za pawindo. "Achimwene, muno mbava singayerekeze," anatero akugogoda chitsekocho. Ndinavomera ndithu. Koma maso anga anali pakhoma, pomwe panali mzere wotuwa wofika m'mawondo, wopakidwa laimu pamwamba koma ukuonekabe.

"Nanga uwu, bambo?"

"Aaa, zimenezo n'zakale."

Vuto lake ndi loti ine ku Zomba ndinaphunzira zomwezo, zakale. Ndipo zakale za chigwa chino zimanena chinthu chimodzi mobwerezabwereza: kuno posungira katundu sasankha ndi mwini katundu, amasankha ndi mtsinje.

Tiyambire kutali pang'ono. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859, anapeza kuti sitima imayenda bwinobwino mpaka pa mathithi a Kapichira, kupitirira apo basi. Ndiye kampani ya African Lakes, yomwe inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878 ndipo ife timaidziwa kuti Mandala, itayamba malonda kuno, inafunika malo otsitsirapo ndi kusungirapo katundu kumunsi kwa mathithiwo. Malowo anali pa Katunga, kufupi ndi boma la Chikwawa la lero. Katundu amatsika m'sitima, n'kudikira m'mashedi mpaka amtengatenga atapezeka oti amusenze pamutu kukwera naye phiri mpaka ku Blantyre. Amene munakwerapo minibasi pa makhotakhota a Thabwa, injini ikulira mu giya yoyamba, tangoganizani mtunda umenewo wapansi, mtolo uli pamutu.

Koma katunduyo asanafike pa Katunga amayenera kulowera kunyanja yamchere, m'dziko la Apwitikizi. Apa ndi pomwe pali nkhani ya lendi yomwe imandisangalatsa kwambiri. Pa pangano la mu 1891 la Britain ndi Portugal, Angerezi anapatsidwa kachigawo ka malo ku Chinde, pomwe Zambezi amathirira m'nyanja, kuti amangepo mashedi ndi kusinthirapo katundu kuchoka m'sitima zapanyanja kulowa m'zamumtsinje popanda kulipira msonkho wa Apwitikizi. Lendi yake inali ya zaka 99. Papepala zonse zinali bwino: malo awoawo, malamulo awoawo, msonkho palibe. Chomwe pepalalo silikanatha kuletsa ndi nyanja. Malowo anali a mchenga, ndipo mafunde amangowadya pang'onopang'ono. Mu 1922 namondwe anawononga Chinde n'kumiza sitima zambiri zamumtsinje. Chaka chomwecho njanji yochokera ku Beira inafika m'mbali mwa Zambezi, ndipo mu 1923 Angerezi anasiya malo aja. Lendi ya zaka 99 sinakwanitse ngakhale zaka 35.

Kumtunda kuno nako madzi amasewera ndi anthu, koma mwanjira ina: amachepa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 Shire anaphwa kwambiri moti sitima zimavutika kufika pa Katunga, kenaka ngakhale pa Chiromo, pomwe Ruo amakumana ndi Shire, pomwe panali doko ndi ofesi ya kasitomu. Njanji yopita ku Blantyre, yomwe inatha kumangidwa mu 1908, inachita kuyambira kumunsi, ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje. Posakhalitsa nako ku Port Herald madzi anayamba kuperewera, ndipo pofika mu 1915 njanji inali itatsikanso mpaka ku Chindio, m'mphepete mwa Zambezi. Mukuona? Katunga, Chiromo, Port Herald, Chindio. Doko limasamuka, mashedi n'kulondola pambuyo ngati mwana wotsatira mayi ake kumsika.

Kenaka madzi anabwerera. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 nyanja ya Malawi inadzaza, Shire n'kusefukira, kumiza minda yambiri yakudimba yomwe anthu analima kwa mibadwo. Katswiri wa mbiri Elias Mandala (osati Mandala wa sitolo uja) analemba za zimenezi m'buku lake la mu 1990, Work and Control in a Peasant Economy. Iye anaonetsa momwe moyo wa kuchigwa unayedzamira pa minda iwiri: ya kumphala, kumtunda kodalira mvula, ndi ya kudimba, komwe mtsinje umasiya chinyezi ndi nthaka yachonde. Mu 1948 madzi anagumula mlatho wa pa Chiromo. Mu 1997 anadulanso njira pakati pa Bangula ndi Makhanga, malo omwe mpaka lero timawolokapo pabwato. Dzina la malowo mukulidziwa: Mtayamoyo.

Nditawerenga bukulo ndinakumbukira agogo anga aakazi. Iwo sanapite ku koleji, koma nkhani ya kumphala ndi kudimba anali nayo m'manja. Akakolola sankaika zonse pamodzi. Zina zimakhala pansanja m'nyumba, pamwamba pomwe utsi umafika, zina amakasungitsa kwa atsibweni awo kumtunda. Lendi yake inali lichero la mapira kapena nsomba zouma, ndipo risiti yake inali yoti mudzi wonse unaona katunduyo akupita. Mbewu ndiye amaisunga payokha m'mtsuko womata. Ndili mwana ndimayesa n'kuumira chabe. Eti kunali kuwerenga mtsinje.

Phunziro langalanga linabwera mu Januwale 2015, ndili Fomu 4. Ruo anasiya njira yake usiku, Makhanga n'kusanduka chilumba. M'dziko lonse anthu pafupifupi 230,000 anasowa pokhala. Ife tinapulumuka tonse, ndipo sindiiwala kuti mabanja ena sanachite mwayi umenewo. Koma makope anga onse a zaka zinayi anali m'katoni kunsi kwa bedi, m'chipinda chokhoma bwinobwino. Titabwerera, loko anali pomwepo, osathyoledwa. M'katimo munali phala. Mayeso a MSCE ndinalemba ndi manotsi obwereka.

Ndipo sizinathere pomwepo. Mu 2019 kunabwera mvula ya Idai, ndipo mashedi a ADMARC pa Bangula, omwe anamangidwira matumba, anasunga anthu. Mu Januwale 2022 Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, pa mathithi omwe aja anaimitsa Livingstone. Mu Malichi 2023 kunabwera Freddy. Ndiye munthu akandiuza kuti mzere wa pakhoma "n'zakale", ndimafuna ndimufunse kuti zakale ziti, za 2015, 2019, 2022 kapena 2023?

Chipinda chachiwiri chinali pamalo okwererapo, koma choyandikana ndi chigayo. Nditangotsegula chitseko, khoswe anandidutsa pamapazi ngati mwini nyumba ndi iyeyo. Denga lake limaonetsa nyenyezi masana. Mapira athu sakanafika Febuluwale.

Chachitatu ndinachipeza nditasintha kafunsidwe. Ndinasiya kufunsa eni nyumba, n'kuyamba kufunsa anthu omwe alibe phindu pa yankho lake. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa pamsewu ndinamufunsa kuti, "Mayi, Freddy uja madzi analekeza pati kuno?" Sanachedwe, analoza mtengo wina chakumunsi. "Pamenepo. Kumtunda uku tinangomva." Wakabaza wina anandiuza zomwezo. Anthu awiri osadziwana, mtengo umodzi. Ndinayenda kupitirira mtengowo mpaka ndinafika pa nyumba ya gogo wina yokhala ndi khonde lokwera masitepe atatu.

Chipinda chake chinali chaching'ono kuposa choyamba chija, mtengo wake wokwererapo, K25,000 pamwezi, ndipo loko wake anali wa wamba. Koma pansi panali simenti yopanda ming'alu, m'makona munalibe njira za chiswe, khoma linali loyera mpaka pansi, ndipo gogoyo amakhala pakhomo tsiku lonse. Ndinalowa n'kutseka chitseko masana kuti ndione ngati malata akulowetsa kuwala. Mdima bii. Tinalemberana kapepala, mboni ziwiri n'kusaina. Matumba tinawasanja pa matabwa oikidwa pa njerwa, osagunda khoma. Mabuku anakwera pamwamba pa thiranki. Masatifiketi ndinawajambula onse pa foni, enieniwo n'kupita nawo. Kiyi mmodzi ndinasiyira atsibweni anga a pa Ngabu, kuti zinthu zikavuta asadikire ine wa ku Lilongwe.

Titamaliza, amayi anayang'ana makina aja kwa kanthawi. Kenaka anamasula mutu wake, n'kuukulunga m'chitenje.

"Miyendoyi itsale. Mutuwu ndinyamula ndekha."

"Amayi, chipindachi chili pamtunda. Ndafufuza."

"Ndamva, mwananga. Agogo ako sankaika zonse pamodzi."

Ndinangokhala chete. Angerezi anali ndi pangano la maboma awiri, koma Chinde anapita. Ine ndinali ndi kapepala ka mboni ziwiri.

Panopa mwezi ukatha ndimatumizira gogo uja lendi pa Airtel Money, ndipo a zanyengo akangolengeza za namondwe wochokera ku Mozambique, ndimawaimbira. Sindifunsa za loko. Ndimafunsa kuti, "Agogo, madzi afika pamtengo paja?"