Kavalo sanama, nanga mwini wake?

Amene tinakulira kumudzi tikukumbukira masewera aja ogoneka nkhuku: kuigwira, kuipanikiza pansi pang'ono, kenaka n'kuisiya ili phee ngati yafa. Wansembe wina wa ku Germany, a Athanasius Kircher, adalemba za zomwezi mu 1646, iwo ankachita kulemba mzere pansi kuyambira pamlomo pa nkhukuyo. Lero tikudziwa kuti nkhukuyo imangouma ndi mantha. Koma ku Ulaya kudadza anthu onena kuti zoterezi n'chizindikiro cha mphamvu yosaoneka imene imachoka m'manja mwa munthu n'kulowa m'thupi la mnzake, kapena la chiweto, ndipo ati imachiza.

Mwini filimu pankhaniyi adali dokotala Franz Mesmer, amene adafika mu mzinda wa Paris mu 1778. Odwala ankakhala mozungulira chimphika cha madzi chokhala ndi zitsulo, iye akuyendetsa manja pamatupi awo. Ena ankalira, ena kukomoka, ambiri n'kumati apeza bwino.

Mu 1784 Mfumu Louis XVI idasankha akatswiri oti afufuze, mwa iwo a Benjamin Franklin ndi a Antoine Lavoisier. Njira yawo idali yapafupi zedi: kumanga odwala kumaso. Wophunzira wa a Mesmer "adathira mphamvu" mtengo umodzi m'munda wa a Franklin, ndiye adabweretsa mnyamata wa zaka 12 kuti aupeze. Mnyamatayo adakomoka ndithu, koma pamtengo wina umene sudakhudzidwe n'komwe. Akatswiriwo adagamula kuti mphamvuyo kulibe, chimene chikugwira ntchito ndi maganizo a wodwala.

Apa ndi pamene ziweto zidalowera m'nkhani. Okhulupirira adati: chabwino, munthu angadzinamize, nanga kavalo? Kavalo alibe chikhulupiriro, akachira ndiye kuti wachiradi.

Mfundo imeneyi idapindulitsa anthu. Mu 1796 dokotala wa ku America, a Elisha Perkins, adayamba kugulitsa timitengo tiwiri tachitsulo, totalika ngati chala, ati ukamasisita nato pamalo opweteka timakoka matenda. Mwana wawo adakatigulitsa ku London pamtengo wodula, ndipo umboni umene ankanyadira udali wa akavalo ochira. Mu 1799 dokotala John Haygarth wa ku Bath adasema timitengo ta thabwa, n'kutipaka utoto kuti tioneke ngati tachitsulo. Odwala nyamakazi adati tawathandiza chimodzimodzi! Koma za akavalo zija sizidafe. Mu 1839 dokotala wina wa ku London, a John Wilson, adatulutsa kabuku kofotokoza mmene adayesera luso la a Mesmer pa amphaka, agalu ndi nyama zina.

Zimene zatchuka masiku ano zidachokera kwina. Reiki adaiyambitsa ndi a Mikao Usui ku Japan mu 1922, ndipo mayi Hawayo Takata adaifikitsa ku Hawaii m'zaka za m'ma 1930. Tsopano ku America ndi ku Mangalande kuli anthu olipiritsa kuti aike manja pa galu, mphaka kapena kavalo, ati amachepetsa ululu ndi nkhawa. Mawu ake ndi omwe aja: chiweto sichinama.

Tisakane zonse. Munthu wofatsa akamasisita chiweto chozolowera anthu, nthawi zambiri chimakhazikika. Ndiponso amene amayendetsa manja pathupi la mbuzi yake ndi amene amayamba kupeza nkhupakupa, chotupa kapena bala. Limenelo ndi phindu lenileni, ngakhale silifuna mphamvu yachinsinsi. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti masiku amene mwini akudikira manja kuti agwire ntchito, matenda sadikira. Chitopa ndi chiwewe, mwachitsanzo, zimapewedwa ndi katemera.

Komabe funso lija la kavalo limafuna yankho. Chiwetodi sichinama, koma sichiyankhulanso. Amene amanena kuti "wapeza bwino" ndi mwini wake, yemwe walipira ndalama ndipo akufunitsitsa kuti chichire. Mu 2012 ofufuza awiri a ku America, a Conzemius ndi a Evans, adasindikiza zimene adapeza pa agalu otsimphina chifukwa cha nyamakazi, omwe ankangopatsidwa mankhwala onamizira opanda kanthu m'kati. Pafupifupi ka 40 pa 100 kalikonse, eni ake ankati galu wayamba kuyenda bwino. Madokotala owayeza, anthu ophunzira ntchito yawo, nawonso ankaona kusintha, mwinanso kuposa eni akewo. Agalu omwewo adawayendetsa pa chipangizo choyeza mphamvu imene mwendo ukupondera pansi, ndipo ambiri a iwo ankaponda monga ankapondera tsiku loyamba.