Muyezo wa mabwalo a mpira ndi udindo wa makhonsolo

Bwalo lililonse lisanaloledwe kuchititsa masewero a ligi yaikulu ya Super League, bungwe loyendetsa mpira wamiyendo m'dziko muno la FAM limayamba laliyendera. Akatswiri ake amaona kapinga, mpanda wolekanitsa osewera ndi ochemerera, zipinda zovalira, madzi, zimbudzi komanso zipata. Pamasewero a pakati pa mayiko, mawu omaliza amakhala a bungwe la CAF, lomwe muyezo wake ndi wokhwima kwambiri.

Malamulowa si ongokometsera. Pa 6 July 2017, anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa poponderezana pazipata za bwalo la Bingu. Mu 2021, timu ya Flames inakalandirira alendo ake ku Johannesburg chifukwa m'dziko muno munalibe bwalo lovomerezeka.

Lamulo la maboma aang'ono la mu 1998 limapatsa makhonsolo udindo wosamalira malo a masewero ndi zisangalalo. Komabe mumzinda wa Lilongwe, mabwalo a ligi yaikulu ali m'manja mwa ena. La Bingu ku Area 48 ndi la Civo ku Area 9 ndi a boma, la Silver ku Area 47 ndi la banki ya Reserve, pomwe la Nankhaka ku Area 30, lomwe lili pafupi ndi anthu a ku Kanengo, Mgona ndi Area 25, ndi la apolisi. Choncho bwalo likalephera muyezo mumzindawu, ntchito yolikonza imagwera unduna kapena bungwe lomwe ndi mwini wake, osati khonsolo.

M'maboma ena zinthu n'zosiyana. Mabwalo a Karonga, Rumphi, Dedza ndi Mzuzu ndi a makhonsolo, ndipo FAM ikapeza zolakwika imauza eni akewo kuti akonze masewero asanabwererepo. Kawirikawiri makhonsolo amayamba ndi zosalira ndalama zambiri, monga kuthirira kapinga, kupaka penti ndi kukonza zimbudzi, pomwe ntchito zikuluzikulu zimadikira thandizo la boma.

Chomwe chimawafulumizitsa n'chakuti mwini bwalo amalandira gawo la ndalama zolipira pakhomo. Bwalo likatsekedwa, khonsolo imataya ndalamazo, matimu amawononga zambiri pamaulendo, ndipo ochita malonda kunja kwa mpanda amasowa ogula.