Msewu wa pa Kachulu

Pa Kachulu msewu weniweni ndi umodzi basi. Umachokera ku Zomba kudzera pa Govala n'kukathera pa doko, pomwe mabwato a ku Chisi amakocheza. Magolosale ake amapuma ndi nyanja ya Chilwa: madzi akadzaza amatsegula, akaphwa zitseko zimamangidwa ndi waya.

Agogo ankasimba za 1968, pomwe nyanja inauma anthu n'kumapita ku Chisi wapansi. Ine ndinaona ya 1995, ndili sitandade 1. Fungo la matemba oyanika linazimiririka. Tiyirumu ya pakona, ija tinkaima pakhomo kudikira nyenyeswa za sikono, inatsekedwa. Njinga zonyamula mlamba wowamba zinasiya kuliza belu, ndipo abambo ambiri anasenza maukonde kukasaka mwayi ku nyanja zina.

Madzi anabwerera, ndipo mu 1997 Chilwa inalowa m'pangano la Ramsar. Koma mu 2018 inaumanso, mabwato ali gone pa matope ong'aluka. Lero mashopu ena amatchaja mafoni, komabe eni ake sapenta zikwangwani. Akuti penti ngodula, nanga nyanjayi ndi yoidalira?