Alendo a ku Rufunsa amagona kuti?

Ambili a ife Rufunsa timaidziŵila pa windo la basi. Tinyamuka pa Intercity m'mamaŵa, tipitilila Chongwe, tikwela mapili okhotakhota aja, maganizo ali kale pa nsomba zouma za pa Luangwa Bridge. Koma mseu uyu kale sunali wothamangapo conco.

Ulalo woyamba pa Luangwa unamangidwa mu 1932 na ndalama za Beit Trust. Mseu unali wafumbi, ndipo ulendo wa makilomita oposa 500 kucoka ku Lusaka kukafika ku Fort Jameson, imene lelo ni Chipata, unali wogona panjila. Boma la atsamunda linali na ma rest house m'miseu ikuluikulu, koma anali a azungu. Munthu wakuda anali kugona kwa abululu, kapena kukagwada kwa anyakwawa kupempha malo. Anali kupatsidwa mphasa na nsima, ndipo kuchula ndalama kukanakhala kutukwana eni mudzi. Tsankho la m'mahotela na m'malo odyela linaletsedwa na lamulo mu 1960, kutatsala cabe zaka 4 kuti tilandile ufulu.

Pa zaka zimenezo, ku France kunali kucitika zina. Mu 1936 anchito kumeneko anapatsidwa chuti colipilidwa ca masabata aŵili, ndipo anthu wamba anayamba kupita ku nyanja na kumidzi. Nkhondo itatha, midzi inali kutha anthu, nyumba zili gwa. Senator Émile Aubert anakonza nyumba yoyamba ya kumudzi yocititsa lendi kwa alendo mu 1951, ndipo mu 1955 panabadwa bungwe la Gîtes de France. Mlimi akonza nyumba yakale, banja la m'tauni likhalamo sabata imodzi, lidziphikila, ligula mazila na mkaka pamudzi pomwepo. Kiyi na ndalama zikhala kwa mwini nthaka.

Kwathu zinayenda mwina. Lower Zambezi, kum'mwela kwa mseu, inakhala national park mu 1983, ndipo ma lodge ake mitengo ni ya madola. Alendo ambili amafikako pa ndeke. Rufunsa saiponda n'komwe. Ndiye panabwela Lands Act ya 1995, imene ilola kuti malo a mafumu asanduke a title ya zaka 99. Pepala likatuluka, malowo acoka m'manja mwa mudzi, ngakhale adzukulu adzalile bwanji.

Rufunsa inapatulidwa ku Chongwe m'nthawi ya a Michael Sata, ndipo malo ambili akali pansi pa mafumu Mpanshya, Shikabeta na Bunda Bunda. Manje amene tiyenda kukafunsa mtengo wa mahekita kumeneko ndise, ana a mu Lusaka, tili na maloto a ka lodge. Ku akasupe otentha a ku Chinyunyu timapita pa Ciŵelu, tijambula zithunzi, ndipo dzuŵa lisanaloŵe tili kale pa mseu wobwelela, cakudya tinanyamula ca ku Lusaka.